Ndani amatseka magazi aukhanda? Funso la malume wa mwana wodwala sickle cell

Mphunzitsi wa ku Chamama

Moni nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndifunse, ngakhale ndine mphunzitsi wa Biology amene masiku onse ndimayankha ena.

Mlongo wanga wamng'ono ali ndi mwana wamwamuna, wachisamba. Anabadwa bwinobwino, wojintcha, ndipo ku sikelo mzere wa pakhadi pake unkangokwera. Atakwana miyezi 7 zinthu zinatembenuka. Tsiku lina m'mawa tinapeza timanja ndi timapazi tatupa ngati wina watipopa, tikutentha, ukangomukhudza amalira mpaka mawu kusasa. Akuchimuna anali atayamba kale kunong'ona kuti pali munthu, ena akuti ndi tsempho, mlamu wanga wayenda molakwika. Mwini mbumba ndine, choncho ndinabwereka njinga yamoto n'kuwatenga mayi ndi mwana kupita ku boma. Tinayenda maulendo atatu asanapeze kuti ndi sickle cell.

Adokotala amene anatiuza zotsatira ananena mawu amene mpaka lero sanandichoke m'mutu. Anati matendawa mwana anabadwa nawo, kungoti magazi aukhanda ndi amene ankamuteteza, ndipo pano thupi lawatseka.

Gawo loyamba ndikulidziwa, ndimaphunzitsa ku Fomu 4. Bambo ndi mayi onse ali ndi jini imodzi yabwino ndi ina yolakwika, iwo sadwala, koma pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti mwana atenge zolakwika zonse ziwiri. Ndinajambula pansi ndi kamtengo bokosi lija losonyeza mmene mwana amatengera majini kwa makolo, pamaso pa apongozi a mlongo wanga, ndipo nkhani ya tsempho inazizirako, ngakhale sindinganene kuti inatheratu. Chimene chandisowetsa tulo ndi gawo lachiwiri. Thupi latseka bwanji? Jini ya magazi aukhandayo imafufutika, kapena ikadalipo? Ngati ikadalipo, watseka ndani, ndipo watseka ndi chiyani? Nanga chotsekedwa sichingatsekulidwe?

Ndiulule ndi china. Teremu yatha mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa kuti ngati selo la m'diso ndi selo la pachala ali ndi DNA yofanana, bwanji m'diso simumera chikhadabo. Ndinayankha kuti majini ena amagona ena amagwira ntchito, ndinalembanso pabolodi, belu n'kundipulumutsa. Koma ndinaona nkhope yake kuti sanakhute, ndipo inenso sindinakhute. Ndikuona ngati mafunso awiriwa ndi amodzi. Amene mumadziwa, ndithandizeni m'Chichewa chomveka, choti ndikathe kuwafotokozera mayi anga amene sanapite kusukulu.

Wa mu labu, kwathu ku Santhe

Aphunzitsi, pepani ndi matenda a mwanayo. Mwalasa, mafunsowo ndi amodzi.

Jini ya magazi aukhanda sinapite kulikonse. Ilipo mwa iye, ilipo mwa inu, ilipo mwa agogo a zaka 80. Ili pa chromosome 11, khomo ndi khomo ndi jini ya magazi auchikulire ija ili ndi vuto. Yangomangidwa basi. Kuti ndikuonetseni chingwe chake ndiyambira patali, mundipirire.

DNA ya mu selo limodzi la munthu, mutalumikiza ma chromosome onse 46 n'kuitambasula, imafika pafupifupi mamita 2. Kachipinda kamene imakhalamo, nyukiliyasi, m'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 0.006. Ulusi wotalika choncho sungangoponyedwamo chiponyeponye, ungapotane osamasukanso. Ndiye umakulungidwa ngati mmene telala amakulungira ulusi pa bobini. Timabobini take ndi mapuloteni otchedwa histone. Ma histone 8 amagwirana kupanga kabobini kamodzi, mitundu yake ndi H2A, H2B, H3 ndi H4, uliwonse awiriawiri, ndipo DNA imazungulira pamenepo pafupifupi kawiri, zilembo zake 147 (DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi: A, C, G ndi T). Kenako kaulusi kakafupi, kenako kabobini kena, mpaka kumapeto. Kabobini ndi ulusi wake ndiye nucleosome, ndipo selo limodzi lili nato pafupifupi 30 miliyoni. Zonsezi pamodzi, DNA ndi mapuloteni ake, ndi zimene timati chromatin.

Tsono makina owerenga jini, RNA polymerase, sawerenga ulusi womangidwa thi. Amafuna pamene pamasulidwa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: amene ali ndi mphamvu yomanga ndi kumasula timabobini ndi amene akulamula kuti jini iti ilankhule, iti ikhale chete.

Kwa nthawi yaitali anthu ankayesa ma histone ngati chiguduli chokulungira katundu. Albrecht Kossel anawapeza mu 1884, koma panapita zaka 80 kuti Vincent Allfrey, mu 1964, aone kuti amapachikidwa tizizindikiro ndipo zimenezi zimayenderana ndi kuwerengedwa kwa majini. Ambiri sanamulabadire. Mu 1996 David Allis anagwira enzyme, kutanthauza puloteni yogwira ntchito inayake m'selo, yopachika tizizindikiroto kuchokera m'kachilombo ka m'zithaphwi kotchedwa Tetrahymena, n'kupeza kuti ikufanana ndi puloteni ina ya mu yisiti imene inkadziwika kale kuti imayatsa majini. Chaka chomwecho Stuart Schreiber anagwira enzyme yochotsa. Kuchokera pamenepo palibenso anaderera ma histone.

Zimayenda chonchi. Histone iliyonse ili ndi kamchira kotulukira kunja kwa bobini. Pakamchirapo pali ma lysine ambiri, mtundu wina wa tinjerwa tomangira puloteni, ndipo inu mukudziwa kuti lysine ndi positive pamene DNA ndi negative, ndiye zimakakamirana. Enzyme yotchedwa HAT ikapachika kachizindikiro kotchedwa acetyl pa lysine, positive uja amafa, dzanja limalobodoka, ulusi umamasukako. Enzyme ina, HDAC, ikabwera n'kuchotsa acetyl, dzanja limafumbatanso. Si zokhazo ayi, acetyl imakhalanso ngati chizindikiro choitana: pali mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kuzindikira pamene pali acetyl, kuterapo, n'kuitana makina owerenga.

Chizindikiro china ndi methyl, ndipo ichi chimasokoneza ana asukulu chifukwa tanthauzo lake limadalira malo. Zili ngati nthambi zamasamba pamsewu. Ukaziona pafupi ndi mudzi umadziwa kuti kuli maliro, ukaziona pakhona patchire umadziwa kuti kutsogolo kwafa lole. Methyl ikakhala pa lysine nambala 4 ya H3, jini ndi yotsegula. Methyl yomweyo ikakhala pa nambala 27 kapena nambala 9, akuti pano pasapite munthu. Pa nambala 9 pamatera puloteni yotchedwa HP1, imene imakoka timabobini toyandikana n'kutiunjika pamodzi mothinana.

Palinso gulu lina limene silipachika kanthu, limangogwiritsa ntchito mphamvu ya ATP, mafuta a selo, kukankha kabobini kuti kasendere uko kapena kabwere kuno, kuvundukula kapena kuphimba pakhomo pa jini. Ndipo DNA yeniyeniyo nayonso imapachikidwa methyl pa chilembo C chikatsatana ndi G. Imeneyi ndiyo loko wolimba, chifukwa selo likamagawikana enzyme yotchedwa DNMT1 imakopera ma methyl aja pa ulusi watsopano. N'chifukwa chake selo la chiwindi limabala selo la chiwindi, la khungu limabala la khungu. Yankho la mtsikana wanu ndi limeneli. Jini ya chikhadabo m'diso ilimo, koma inamangidwa iye ali m'mimba, ndipo selo lililonse lobadwa pamenepo limalandira mfundoyo ili yomangamanga.

Tsono ma enzyme amenewa ndi aganyu chabe, sadziwa munda. Amene amawalozera pogwira ndi mapuloteni ena odziwa kuwerenga zilembo za DNA. Kwa mwana wa mlongo wanu kapitawo wake dzina lake ndi BCL11A. Gulu la Stuart Orkin ku Boston linasonyeza mu 2008 kuti ndi iyeyu amatseka hemoglobin yaukhanda, magazi aukhanda aja (hemoglobin ndi puloteni yonyamula mpweya m'maselo ofiira a magazi). Amatera pakhomo pa jini ya gamma, imene imapanga mbali ya hemoglobin yaukhanda, n'kuitana gulu la aganyu lotchedwa NuRD. M'gulumo muli CHD4 wokankha timabobini, HDAC1 ndi HDAC2 ochotsa acetyl, ndi MBD2 amene amakakamira pa DNA ya methyl. Akamaliza, gamma ili duu, ndipo makina owerenga amasamukira ku jini ya beta, yauchikulire. Kwa inu ndi ine palibe vuto. Kwa mwanayo beta ndi imene ili ndi chilembo chimodzi cholakwika, GAG inasanduka GTG, ndipo hemoglobin yake ikataya mpweya imalumikizana kukhala timitengo touma timene timapinda selo ngati chikwakwa. Hemoglobin yaukhanda ilibe beta, ndiye silowa nawo m'timitengomo, imachita kusokoneza.

Kusinthaku kumayamba mwana atatsala pang'ono kubadwa. Pobadwa hemoglobin yambiri imakhala ikadali yaukhanda, kenako imanka nitsika, ndipo pofika miyezi 6 yauchikulire imakhala italanda. Miyezi 7 yanu ija ndi imeneyo. Dokotala wa ana wa ku Brooklyn, Janet Watson, anazindikira zimenezi mu 1948, ataona kuti makanda a matendawa maselo awo sapindika kwenikweni. Musaiwale kuti maselo ofiira okhwima alibe nyukiliyasi, ndiye kumanga konseku kumachitika m'mafuta a m'mafupa, mwa maselo amene akukonzekera kukhala ofiira.

Kutsekula kumatheka. Pali anthu amene mwachibadwa loko wawo sagwira, amakula ndi hemoglobin yaukhanda yambiri, ndipo akakhala ndi sickle cell sadwala kwambiri. Mu 1982 anayesa mankhwala otchedwa azacitidine, oletsa kupachika methyl pa DNA, ndipo hemoglobin yaukhanda inakweradi, koma ndi mankhwala a khansa, aukali. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pano ndi hydroxyurea, nayonso imakweza hemoglobin yaukhanda. Ndipo kumapeto kwa 2023, ku Britain ndi ku America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy: amatenga maselo opanga magazi a wodwala, amadula kachidutswa ka DNA kamene kamadzutsa BCL11A m'maselo ofiira, n'kuwabwezera m'thupi. Kapitawo akasowa, aganyu sabwera, gamma imalankhulanso. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Ndatchula kuti mudziwe kuti nzeruyo ndi yoona, osati kuti muyambe kugulitsa mbuzi.

Mlimi wa fodya wa ku Chulu

Ine sukulu ndidalekera Sitandade 8, ndipo nditaona mawu oti majini ndimayesa mukukamba za aja amagwira anthu kunyanja. Mdzukulu wanga ndiye wandiwerengera zonse n'kundimasulira. Pepani nawo matenda, Aphunzitsi.

Koma achimwene a mu labu, pa kapitawo paja ndikutsutseni pang'ono. Ine ndidakhalapo tenanti pa esiteti zaka 6 ndisanapeze malo anga. Kapitawo sadzuka yekha n'kuganiza kuti lero tikathyola munda wakuti. Amatumidwa ndi bwana. Ndiye kapitawo wanuyo amamutuma ndani? Bwanji mwana ali m'mimba amakhala phee, n'kudzadzuka mwana atabadwa?

Langa lachiwiri ndi ili. Ndidasuta chingambwe kuyambira ndili mnyamata, ndidasiya zaka 5 zapitazo chifuwa chitandiopseza. Kodi utsi umafikanso ku timabobini tanuto? Ngati umafika, ndiye kuti kusiya kwanga kudali kochedwa?

Namwino wa ku Mchinji

Amalume ake a mwana, za timabobini ndawasiyira a mu labu, ine ndinene za kunyumba, chifukwa ana oterewa ndimawaona.

Manja ndi mapazi otupa aja kawirikawiri ndiye chizindikiro choyamba, ndipo nkhani ya tsempho ndaimva kosawerengeka. Mabanja ena amatha nazo. Munachita bwino kujambula pansi paja, mudzajambulenso, chifukwa mwana akadzadwalanso mawu aja adzabwerera.

Mwanayo azigona m'neti tsiku lililonse, malungo kwa iye si masewera. Azimwa madzi pafupipafupi, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi azivala zofunda, asasambitsidwe madzi ozizira m'mamawa. Thupi likatentha musadikire kuti tione mawa, pitani tsiku lomwelo, chifukwa kapamba wa ana amenewa amafooka msanga ndipo tizilombo timene mwana wina angalimbane nato iye tingamugwetse m'maola ochepa. N'chifukwa chake amapatsidwa penicillin wa tsiku ndi tsiku mpaka zaka 5, komanso asaphonye katemera. Amayi ake aphunzitsidwe kupapasa kumanzere kunsi kwa nthiti. Pakatupa mwadzidzidzi, m'manja ndi m'zikope mwayera, mwana wafooka, thamangani usiku womwewo.

Za hydroxyurea kafunseni ku kiliniki kumene akumuona. Si mankhwala ogula pa golosale n'kumamwetsa nokha, mlingo wake umatengera sikelo ya mwana ndipo magazi amayenera kuyezedwa pafupipafupi. Kale anthu ankakayika ngati angayende bwino kuno kumene kuli malungo ndi kuperewera kwa zakudya. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, wa ana oposa 600 a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, anasonyeza kuti ululu, kuikidwa magazi, malungo ndi imfa zonse zinachepa.

Koma ndiyamike a mu labu pa chinthu china. Ndimakhalanso ku mbali ya ma ARV, ndipo sabata siitha popanda wina kundifunsa kuti poti tizilombo sitikuonekanso m'magazi, bwanji asasiye mankhwala. Ndimayankha kuti kachilombo kabisala. Ku maphunziro ena anatiuza kuti HIV imalowetsa majini ake mu DNA ya maselo a CD4, ndipo selo likapuma majiniwo amakulungidwa n'kukhala chete, pamene ma ARV amangogwira kachilombo kamene kakuchulukana. Lero ndi pamene ndaona chithunzi chake. Ndiye kuti aganyu omwewo amene atseka magazi aukhanda ndi amene akufunditsa kachilombo bulangeti. Munthu akasiya mankhwala, pakangopita milungu yochepa kamakhala katabwerera.

Mphunzitsi wa ku Chamama

Zikomo nonse. Amayi a ku Mchinji, zonse ndakopera m'kope ndipo Loweruka ndikamuwerengera mlongo wanga. A mu labu, ndawerenga katatu. Funso la akuluakulu a ku Chulu landigwira inenso, ndikudikira yankho.

Koma mwandidzutsira nkhawa ina. Mlongo wangayu anabadwa mu Novembala 2002. Werengani chobwerera, mupeza kuti mayi anaima ndi mimba ya iyeyu mu Febuluwale, njala ija ili pachimake, mwezi womwe a Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Ine ndinali ndi zaka 12 ndipo ndimakumbukira bwino. Tinkadya madeya akapezeka, tinkakumba zitsa za nthochi n'kusinja, maungu tinkathyola asanakhwime. Ndimakumbukira mayi atakhala pakhonde miyendo itatupa, akutigawira phala lamadzimadzi m'makapu, iwo n'kunena kuti adya kale. Sanadye.

Ngati tizizindikiro timeneti timapachikidwa mwana ali m'mimba, ndipo methyl iyenera kuti imachokera m'zakudya, kodi njala ija inamusiyira kanthu mlongo wanga? Ndipo kodi n'kutheka kuti ndi zimene zafika kwa mwanayu? Ndifunse pano, chifukwa mayi akadzamva theka la nkhaniyi adzadziimba mlandu.

Wa mu labu, kwathu ku Santhe

Ndiyambe ndi lomalizalo chifukwa ndi lolemera. Ayi, Aphunzitsi. Sickle cell ya mwanayo siinachokere ku njala. Ndi chilembo cha DNA chimene chakhala chikuyenda m'mibadwo kwa zaka masauzande, ndipo chinafala kuno ku Africa chifukwa munthu wokhala ndi jini imodzi yokha yotere amatetezekako ku malungo aakulu. Mayi anu akanadya nkhuku tsiku lililonse mu 2002, bokosi lanu lija likanatuluka chimodzimodzi. Akauzeni mosapsatira.

Zoti njala imasiya chizindikiro mwa mwana amene ali m'mimba, pamenepo umboni ulipo. Methyl imachokeradi m'zakudya, kudzera mu folate, vitamini B12, choline ndi methionine, zimene timapeza m'nyemba, masamba obiriwira, mazira, nsomba ndi chiwindi. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, asilikali a Germany atatseka njira za chakudya. Mu 2008 ofufuza anayeza anthu 60 amene amayi awo anaima ndi mimba yawo m'njalamo, n'kuwayerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Patapita zaka zoposa 60, methyl ya pa jini ya kakulidwe yotchedwa IGF2 inali yocheperako, ndi pafupifupi 5 peresenti. Amene njala inawapeza mimba ili kumapeto analibe kusiyanako. Anthu a m'njala imeneyo anapezekanso kuti shuga ndi matenda a mtima zimawagwira mochulukirapo akakula. Ku Gambia, kumene nyengo ya mvula ndi ya njala ngati Januwale ndi Febuluwale wathu, anapezanso kuti methyl ya pa majini ena imasiyana malinga ndi nyengo imene mimba inaima.

Koma tisathamange nazo. 5 peresenti ndi kusiyana kwa gulu ndi gulu, simungayeze munthu mmodzi n'kumuuza tsogolo lake. Ine ndikanakhala mlongo wanu ndikanangozolowera kuyezetsa BP ndi shuga, zimene aliyense ayenera kuchita. Ndipo zoti zizindikirozi zimatsikira kwa zidzukulu, pa intaneti amazikokomeza kwambiri. Mwa munthu, zizindikiro zambiri zimafufutidwa kawiri: dzira likangokumana ndi umuna, komanso pamene maselo odzakhala mazira kapena umuna akupangika mwa mwana wosabadwayo. Bolodi limapukutidwa kalasi ina isanalowe.

Akuluakulu a ku Chulu, mwandigwira pakhosi ndipo mukunena zoona. Kapitawo ali ndi mabwana. Jini yopanga BCL11A ili pa chromosome 2, ndipo nayonso ili pa timabobini take, imachita kutsekulidwa. M'maselo opanga magazi ofiira amene amaidzutsa ndi mapuloteni awiri, GATA1 ndi KLF1. Malo amene GATA1 amaterapo ndi omwe aja Casgevy amadula. Za KLF1 zinadziwika mu 2010 kudzera m'banja lina la pa chilumba cha Malta, limene anthu ake ambiri anali ndi KLF1 imodzi yosagwira ntchito, BCL11A wawo anali wochepa, ndipo hemoglobin yaukhanda inali yokwera mpaka ukulu. Mwa mwana wosabadwa muli mapuloteni ena amene amamupondereza BCL11A kuti asachuluke, ndipo iwowo akamachepa iye ndi pamene amadzuka. Mukafunsa kuti nanga iwowo amawatuma ndani, mupeza kuti pa esiteti imeneyi aliyense ali ndi womuyang'anira, mzere wake umakafika ku masiku oyambirira a mimba.

Utsi umafika, inde. Pa zonse zimene zayezedwa m'magazi a anthu, chizindikiro cha fodya ndi chimodzi mwa zooneka bwino kwambiri. Pa jini yotchedwa AHRR methyl imatsika mwa osuta, moti munthu wa mu labu atha kukuuzani kuti mumasuta inu musananene. Munthu akasiya imayamba kubwerera, msanga m'zaka zoyambirira, kenako pang'onopang'ono, ngakhale malo ena amatenga zaka zambiri. Simunachedwe. Chingambwe musachiyandikirenso.

Amayi a ku Mchinji, mwafotokoza ndendende. Mu 2012 ku North Carolina anapatsa odwala amene anali pa ma ARV mankhwala oletsa HDAC otchedwa vorinostat kuti avundukule bulangetilo. Kachilombo kanayambadi kulankhula m'maselo opuma aja, koma nkhokwe yake sinathe. Ndiye uthenga wanu kwa odwala usasinthe.

Aphunzitsi, ngati mukufuna chinthu choti ana aone ndi maso, funani mphaka wa mawanga akuda ndi achikasu. Pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi. Jini ya mtundu umenewo ili pa chromosome X, wamkazi ali ndi ma X awiri, ndipo selo lililonse limamanga X imodzi yathunthu mimba ikadali yaing'ono, lina iyi lina iyo, mwa chisawawa. Banga lililonse ndi mbumba ya selo limodzi imene yasunga mfundo ya kholo lake. Mary Lyon anatulukira zimenezi mu 1961 poona mbewa. Zimachitikanso mwa mtsikana wanu wa Fomu 4, kungoti iye mawanga ake saoneka.

Mphunzitsi wa ku Chamama

Mphaka woteroyo alipo, ndi wa amayi ogulitsa zitumbuwa kuseri kwa sukulu, ndipo ndi wamkazidi, mwezi watha anaswa ana anayi. Ndawapempha kuti Lachitatu andibwereke, akuti bola ndimubweze asanayambe kulira ana ake. Ndatolanso zitsekerero za mabotolo 30 ndipo telala wa pamsika wandipatsa ulusi wotsala. Kanthu kofiira ka pulasitiki kakhala acetyl, kakuda methyl. Mtsikana uja ndi amene adzakhale BCL11A, asankhe yekha aganyu ake.

Loweruka ndinapita kumudzi. Mayi ndinawauza za njala zija ndisanafike n'komwe pa za magazi, anangoti "chabwino" n'kupitiriza kusola mtedza, koma madzulo anandipatsa nkhuku yoti ndibwere nayo. Mlongo wanga waphunzira kupapasa kapamba, amachita m'mawa uliwonse pomusambitsa ndi madzi ofunda. Tsiku la kiliniki ndi pa 14, ndapempha kale tchuthi kwa ahedi kuti ndikafunse ndekha za hydroxyurea. Amayi a ku Mchinji, akakavomera kumuyambitsa, magazi aja amayeza pakapita nthawi yaitali bwanji? Ndikufuna ndiwerengeretu za mafuta a njinga.